Utsi ufukenso pa chilumba cha Ulva

Munthu wofuna kuwolokera pa kachilumba ka Ulva, kumadzulo kwa Scotland, amayamba wafika pa gombe la chilumba chachikulu cha Mull. Pamenepo sakuwa ngati muja tichitira pa doko la mtsinje. Pakhoma pali kabolodi ka matabwa. Amakankha thabwa limodzi kuti mbali yofiira ionekere, ndipo woyendetsa boti ali tsidya linalo akaona kufiirako amaliza injini n'kubwera. Madzi ake ndi ochepa, moti musanamalize kupatsana moni mwafika kale.

Ukangotsika, chapafupi pomwepo pali kanyumba ka miyala kofolera ndi udzu, kamene amakatchula kuti Sheila's Cottage. Munkakhala mayi Sheila MacFadyen, amene ntchito yawo inali yokama ng'ombe, ndipo pambuyo pake ankadalira kutola nkhono m'mbali mwa nyanja n'kumagulitsa. Anakhalamo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Zipinda ndi ziwiri: china cha munthu, china cha ziweto. M'zaka za m'ma 1990 nyumbayi anaikonza kuti alendo azionamo moyo wakale. Muli bedi lamatabwa lotchinga ngati bokosi pofuna kuthawa mphepo, muli kabati ya mbale, ndipo muli chidole cha msinkhu wa munthu choimira mayi Sheila eni akewo.

Chidole chimenechi ndicho chandigwiritsa cholembera. Pofika chaka cha 2018, pa chilumba chonsecho, cha mahekitala pafupifupi 2,000, pankagona anthu 6 okha. Mukawerengera chidolecho ndiye 7. Anthu ambiri okonda zakale akamva zimenezi amati bola kanyumbako kalipo, bola ziwiya zasungika. Ine sindikhutira nazo. Mbale, dengu ndi khasu n'zofunika kusunga, koma zimayankhula ngati pali mwana wa pamalopo wodziwa dzina lake ndi mwini wake. Zikasowa munthu ameneyo zimasanduka katundu wa pamaliro. N'chifukwa chake ndikuona kuti ntchito yaikulu yosunga chikhalidwe cha Ulva inachitika pa 21 June 2018, tsiku limene chilumbachi chinachoka m'manja mwa banja limodzi n'kukhala cha anthu a m'deralo.

Mwina mukuti za Ulva zikutikhudza pati. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina lake mu 1876 ku kamudzi ka ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Koma Blantyre ameneyo sikunali kwawo kwenikweni. Agogo ake aamuna anali mlimi wamng'ono pa Ulva, bambo ake anabadwira pomwepo, ndipo banjali linasamuka mu 1792 kukasaka ganyu ku fakitale ya thonje ku Blantyre, munda utalephera kudyetsa ana. Mpaka lero pa Ulva pali bwinja ndi phanga zotchulidwa dzina la Livingstone. Chikhala kuti munda uja unkabereka mokwanira, sindikudziwa kuti mzinda wathu wa malonda bwenzi tikuutchula chiyani.

Banja la Livingstone linachoka zinthu zisanafike poipa. M'zaka za m'ma 1830 pa Ulva panali anthu pafupifupi 600 m'midzi 16, ndipo ena mwa iwo anali osoka nsapato, okhoma maboti ndi akalipentala. Chimene chinkasunga khamu lonseli pa nthaka yamiyala chonchi chinali ndere za m'nyanja. Nyanja ikaphwa, amuna ndi akazi ankalowa m'madzi ozizira ndi zikwakwa, kumweta ndere, kuzisenza kumsana m'madengu, kuziyanika, kenako kuzitentha m'maenje a miyala mpaka zitasanduka phulusa lolimba. Phulusalo linkapita ku mafakitale a sopo ndi magalasi. Kuti papezeke tani imodzi ya phulusa pankafunika matani pafupifupi 20 a ndere zaziwisi. Pa nthawi ya nkhondo ya Napoleon ku Ulaya mtengo unafika mapaundi 20 pa tani, koma womweta ankalandirako kachigawo kochepa, ndipo kachigawoko kankabwerera kwa mwini malo ngati lendi. Eni malo nthawi imeneyo ankafuna anthu ambiri, pakuti manja ndiwo anali chuma.

Nkhondo itatha mu 1815, boma linatsitsa msonkho wa phulusa lochokera ku Spain, mtengo wa ndere n'kugwa. Manja aja anasanduka pakamwa pongofuna kudya. Loya wina dzina lake Francis William Clark anagula Ulva mu 1835, ndipo chiwawu chitagwira mbatatesi mu 1846 anaona kuti nkhosa zili ndi phindu kuposa anthu. Anayamba kupitikitsa mabanja, madenga kusasulidwa, ena kutenthedwa. Pofika 1851 panatsala anthu pafupifupi 150. Pali mdadada wa mabwinja pafupi ndi gombe umene mpaka pano amautchula kuti Starvation Terrace, kutanthauza mzere wa nyumba za njala, kumene ankaunjikako otsala opanda kolowera. Lamulo loteteza alimi ang'onoang'ono kuti asamachotsedwe chisawawa linabwera mu 1886, anthu a pa Ulva atabalalika kale.

Tsono tiyeni tione ziwiya zimene anthu a m'zilumba za Hebrides, zimene Ulva ndi chimodzi mwa izo, anasiya, chifukwa mbiri yonseyi inalembedwa pa izo. Pali khasu lina limene m'Chigaeliki, chilankhulo cha makolo a kumeneko, amalitchula kuti cas-chrom, ndiko kuti phazi lopindika. Ndi mtengo wautali wokhota kumunsi, kunsonga kuli chitsulo, ndipo pokhotapo pali kamsomali ka mtengo popondapo. Wolima amaponda, chitsulo n'kulowa pansi pa nthaka, iye n'kukokera mpini kumbuyo ndi kugadabuza chibuma, akuyenda chobwerera. Pulawo ya mahatchi sikanatha kudutsa pakati pa miyala, koma khasu ili linkadutsa. Ndi makasu otere ndi zokumbira zina ankaunda mizere ikuluikulu, kuthirapo ndere ngati manyowa, madzi n'kumatsetsereka m'makwawa a pakati. Mizereyo m'Chigaeliki ndi feannagan, koma m'Chingerezi anaipatsa dzina lotanthauza mabedi a alesi. Aliyense amene anaundako mizere m'mwezi wa October, dzuwa lili pamutu, akudziwa kuti dzina lotere silingachokere kwa munthu amene anagwirako mpini. Mizere imeneyi ikuonekabe m'mapiri a zilumbazi, makamaka dzuwa likapendeka, pamalo pamene lero pamangodya nkhosa ndi agwape.

Ndiye pali mphero. Yawo inali ya miyala iwiri yobulungira, wapamwamba uli ndi bowo pakati lothiramo mbewu ndi kamtengo kozungulitsira. Amayi awiri ankakhala moyang'anizana, kumapera balere kapena oti uku akuimba. Mukaiona m'galasi mutha kuganiza kuti ndi mwala wosalakwa. Koma m'madera angapo eni malo ankamanga chigayo cha madzi n'kukakamiza anthu onse kukagayitsa kumeneko, mwini chigayo n'kumatapako ufa ngati malipiro, ndipo pofuna kuti wina asazembe ankatuma akapitawo kukaphwanya mphero za m'nyumba kapena kuziponya m'madzi. Choncho mphero yathunthu imene yapezeka m'nyumba ya munthu ikhoza kukhala umboni wakuti agogo ena anaibisa. Kapepala ka mu myuziyamu kamangolemba kuti mwala woperera, zaka zakutizakuti. Kuti anabisa ndani, pansi pa bedi la yani, amadziwa ndi mdzukulu.

N'chimodzimodzi ndi nyale yawo yachitsulo ya timbale tiwiri, yoyaka ndi mafuta a nsomba ndi chingwe cha mlulu, koloboyi wa kumeneko. N'chimodzimodzinso ndi tairsgeir, chitsulo chodulira zibuma za dothi lakuda la m'dambo, zimene zikauma zimayaka m'malo mwa nkhuni pa zilumba zosowa mitengo. Chitsulocho payekha munthu sangagwire nacho ntchito bwino: wina amadula, wina amawakha chibuma n'kuponya pamtunda. Mabanja ankathandizana mwa chipere ganyu, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Mukapachika tairsgeir pakhoma mwasunga chitsulo, koma dima lija mwalisiya kudambo.

Wofuna kuona kumene njira yosunga zinthu popanda anthu imathera ayang'ane St Kilda, zilumba zimene zili kutali kwambiri m'nyanja ya Atlantic. Pa 29 August 1930 anthu 36 otsiriza anakwera sitima n'kusiya mudzi wawo pa chilumba cha Hirta. Lero malowa ndi osamalika kwambiri. Bungwe la National Trust for Scotland limawayang'anira, a UNESCO anawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo tinkhokwe ta miyala toposa 1,200, mmene ankaumitsiramo mbalame ndi udzu, tinawerengedwa ndi kulembedwa m'mabuku. Akatswiri amabwera chaka ndi chaka kudzabwezera mwala uliwonse umene wagwa. Palibe chimene ndingawadzudzule. Koma palibe mwana wobadwira pa Hirta amene adzafunse kuti kankhokwe aka kanali ka yani, wina n'kumuyankha kuti ka agogo ako. Ndi manda osesedwa bwino, ndipo Ulva unatsala pang'ono kufika pomwepo.

Pali vuto linanso. Dziko likamati chuma cha makolo a m'zilumba, maso ake amathamangira zonyezimira. Mu 1831 ku Uig, pa chilumba cha Lewis, kunapezeka tizidole ta masewera a tchesi tosema pa minyanga ya chinyama cha m'nyanja chotchedwa walrus, ta m'zaka za m'ma 1100, timene akatswiri ambiri amati tinasemedwa ku Norway. Pa zidutswa 93, zokwana 82 zinapita ku British Museum ku London ndipo 11 zili ku Edinburgh. Anthu a ku Lewis anadikira mpaka 2016 kuti 6 zibwere kudzakhalitsa ku myuziyamu ya ku Stornoway, tauni ya pa chilumbacho, ndipo zinabwera ngati zobwereka. Kubwereka mbuzi yobadwira m'khola lako! Komabe ngakhale mkangano umenewu uli ndi pake, umaphimba nkhani. Tizidole timeneti sitinalimepo munda wa munthu wa ku Lewis. Tinangokwiriridwa mu mchenga wa kumeneko. Zimene zinadyetsa ana ndi dengu, mphero ndi khasu lopindika lija, ndipo zimenezo palibe nduna imene imazimenyera nkhondo.

Amene anazindikira msanga ndi anthu a ku Ness, kumpoto kwa Lewis. Mu 1977 anayambitsa Comunn Eachdraidh Nis, bungwe la mbiri ya m'mudzi, ndipo midzi ina ya m'zilumbazi inatengera. Sanadikire pulofesa. Ankayenda khomo ndi khomo ndi tepi, kujambula mawu a okalamba m'Chigaeliki, kusonkhanitsa zithunzi, kulemba kuti pa munda wakutiwakuti panakhala ndani, anabereka ndani, anamira m'nyanja ndani, anapita ku Canada ndani. Chiwiya chikalowa m'nyumba yawo yosungiramo zinthu chimalowa ndi dzina la banja. Munthu wochokera ku Toronto akafika n'kutchula dzina la agogo ake, amapeza wina womulozera khomo. Izi zimatheka chifukwa ku Ness kudakali anthu, ndipo kuyambira 2007 malo a dera limenelo ali m'manja mwa bungwe la anthu eni ake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma dambolo liyenera kukhala ndi wokatungako.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindizipeputsa. Yoyamba ndi ya ndalama. Ulva unagulidwa pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 4.65 miliyoni, ndipo 4.4 miliyoni inachokera ku thumba la boma lotchedwa Scottish Land Fund, kudzera ku bungwe la anthu a m'deralo lotchedwa North West Mull Community Woodland Company. Anthu anafunsa kuti ndalama za msonkho zochuluka chonchi zipite bwanji kwa anthu 6, pamene m'mizinda ngati Glasgow muli mabanja osowa pogona. Funsoli ndi lomveka. Mukagawa, munthu mmodzi akugwera mapaundi 730,000 ndi kanthu. Koma taonani izi. Mu 2019 kachidole kamodzi ka tchesi ka ku Lewis, kamene wogulitsa zakale wina wa ku Edinburgh anakagula mapaundi 5 mu 1964 n'kukasunga m'dirowa, kanagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Sotheby's pa mtengo wa mapaundi 735,000. Nyuzipepala zinakondwera. Palibe anati ndi misala. Ndikuvomereza kuti ndalama za kachidoleko zinali za m'thumba la munthu, pamene za Ulva zinali za msonkho. Koma ziwerengero ziwirizi zikaima pamodzi zikutiuza kuti maso athu anazolowera kuona mtengo pa munyanga wosemedwa ndi kuusowa pa munthu wokhala pa nthaka ya makolo ake.

Kuwonjezera apo, ndalamazo sizinagulire anthu 6. Zinagula ufulu woti pa chilumbapo pabwere ena. Pamene malo onse ndi a munthu mmodzi, banja lachinyamata silingamange nyumba kapena kubzala mtengo molimba mtima, pakuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Chitsanzo chilipo pafupi. Anthu a pa chilumba cha Eigg anagula malo awo mu June 1997, ali anthu 60 ndi kanthu, atatopa ndi eni malo osinthanasinthana. Mu 2008 anayatsa magetsi awoawo ochokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa, ndipo chiwerengero chawo chinadutsa 100. Lamulo la 2003 lopatsa anthu a m'mudzi mwayi woyamba wogula malo akamagulitsidwa, limene Ulva unagwiritsa ntchito, linaphukira pa zochitika ngati zimenezi. Pa Ulva napo nyumba zakale zakhala zikukonzedwa ndipo anthu awonjezekako. Liwiro lake ndi la kamba, ndipo mikangano ya m'makomiti siisowa kulikonse kumene anthu agawana mphika umodzi. Koma kuyambira nthawi ya Clark chiwerengero chinali chitatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 600 kufika pa 6.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa imandigwira kwambiri. Amati ife olemba timakometsera umphawi wa eni, tili pa mpando wa ndalema. Pamenepa akunena zoona. Ku Arnol, pa Lewis pomwepo, kuli nyumba yamakedzana imene banja linakhalamo mpaka 1966, ndipo tsopano boma limaisunga. Ilibe chumuni. Moto umayaka pakati pa chipinda, utsi n'kumadzipezera njira m'denga. Ng'ombe zinkagona pansi pa denga lomwelo. Udzu wodzaza mwaye ankausasula n'kukathira m'munda ngati manyowa, nzeru yogometsa ndithu, koma maso ndi zifuwa za ana zinkalipira. Anthu atapeza mwayi wa nyumba ya mawindo ndi madzi a m'mpopi anasamuka osacheuka, monga anachitira otsiriza a m'mudzi wa Gearrannan, pa Lewis pomwepo, mu 1974. Mayi Sheila akanapatsidwa mbaula ya magetsi sakanaikana. Choncho sindikupempha munthu aliyense kuti abwerere ku khasu lopindika. Wokhala pa Ulva lero akufunika intaneti yamphamvu, denga losadontha, ndi boti lodalirika lopititsa mwana kusukulu tsidya la Mull. Mwana ameneyo akamathamanga pamwamba pa mizere yakale ija n'kufunsa kuti anaunda ndani, chikhalidwe chayamba kale kugwira ntchito yake, ngakhale makolo ake atachokera ku Glasgow kapena ku Poland.

Apa ndiye pamene ena amandikoka malaya. Amati obwerawo si zidzukulu za anthu 600 aja, Chigaeliki sachidziwa, ndiye chikusungidwa n'chiyani? Zoona, zidzukulu zenizeni zili ku Canada, ku Australia ndi m'mizinda ya ku Scotland, ndipo zambiri sizidzabwerera. Ulusi unaduka, ndipo amene anaudula tamutchula kale. Koma mudzi uliwonse unayamba ndi obwera. Munthu amene waona nyengo yozizira khumi pa Ulva, amene akudziwa mwala umene umaonekera nyanja ikaphwa ndi khwawa limene ng'ombe imatitimira, ali pafupi ndi nzeru za mayi Sheila kuposa mdzukulu wobwera ndi kamera kwa maola atatu. Mlendo ndi mame. Alendo ndi ofunika, amasiya ndalama pa boti ndi pa malo odyera, koma chilumba chimene chikukhalira alendo okha chimayamba kuvala zimene alendowo akufuna kuona. Nyumba za ku Gearrannan anazikonza bwino kwambiri, ndipo zambiri mwa izo lero ndi zogona apaulendo.

Kabolodi kofiira ka pa doko kaja palibe amene anakaika m'galasi, palibe kapepala kofotokoza zaka zake, ndipo thabwa lake likawola adzangokhoma lina. Pa zinthu zonse zimene ndatchula m'nkhani ino, aka ndi kamodzi mwa zochepa zimene zikugwirabe ntchito imene anazipangira, chifukwa tsidya linalo kuli munthu woyang'ana.

Tsiku lidzafika, ngati silinafike kale, pamene komiti ya chilumbachi idzakhale ndi ndalama zokwanira denga limodzi lokha, pamene ofuna kufoleredwa ali awiri: kanyumba ka mayi Sheila, ndi nyumba ina yopanda mbiri iliyonse imene banja la ana awiri likufuna kulowamo. Ndikanakhala pa komitiyo ndikanakweza dzanja kuti ayambe nyumba ya banjalo. Bedi la bokosi ndi kabati ya mbale azisamutsire kaye pouma, chidolecho achifunditse lona, chidikire chaka chamawa.